Mwaye wa m'injini ndi sipuleya ya apongozi

Vuto langa ndi loti chinthu chilichonse chotsekedwa ndimafuna ndione m'kati mwake. Ndinabadwa choncho. Ndaphapo wailesi ziwiri, wotchi imodzi ndi tochi ya akazanga, zonsezo pofuna kungodziwa kuti zimayenda bwanji. Koma pa maliro a zinthu zimenezo palibe amene anakhetsa msozi. Chidwi changa chitafika pa galimoto ndi pamene chinaliza mkwatibwi, kutatsala masiku awiri kuti ukwati wake uchitike.

Ine ndine mkamwini. Ndakhala kwawo kwa akazanga, mudzi wina kuseri kwa Nsaru, zaka khumi ndi chimodzi, ndikulima fodya ndi mtedza pa munda wa eni. Chaka china fodya atachita bwino ndinagula kagalimoto kakale, kotopa ndithu, koma m'mudzi monse kanali kokhako. Apongozi anga aakazi ndi munthu wosunga mwambo. Mabanja ena anasiya kale zopewana, koma iwo ayi. Tikakumana pa njira, mmodzi amalowa patchire. Akafika pakhomo panga mwadzidzidzi, ine ndimanjuta, kuvula chipewa n'kuyang'ana pansi, iwo n'kundifulatira mpaka atadutsa. Mawu alionse pakati pathu amadzera mwa akazanga, mayi a Dalitso. Zaka zonsezo nkhope yawo ndinkaidziwa bwino pa chithunzi cha pakhoma kusiyana ndi pamaso.

Ndiye tsiku lina mayi a Dalitso anabwera ndi uthenga. Amayi awo ankapempha kuti pa ukwati wa Takondwa, chitsiriza chawo, mkwatibwi akafike ku tchalitchi pa galimoto yanga. Chiyambire apongozi anali asanandipemphepo kanthu kena kupatula khasu ndi kufolera denga. Ndinasangalala zedi (ndinayankha mwachidule kuti ndiona, koma akazanga atatembenuka ndinapita kukapukuta magalasi). Takondwa naye anauza anzake onse, ndipo nkhani inafika mpaka kwa akuchimuna ku Namitete.

Galimotoyo inali ndi chifuwa. M'mawa inkadzuka monyinyirika. Pa chitunda inkagogoda ngati muli timiyala, ndipo ndikaizimitsa inkapitiriza kunjenjemera kwa kanthawi, kiyi ali kale m'thumba mwanga. Kumbuyo kunkatuluka utsi wakuda. Ndikaganiza za alendo a ku Namitete ataima pa tchalitchi, mkwatibwi akutsika m'kati mwa utsi umenewo, mtima sunkakhala m'malo. Lachiwiri la sabata ya ukwati ndinapita nayo kwa a Chisale, makaniko wa pa Nsaru amene amakonzera pansi pa mtengo wa keshya.

A Chisale sanachedwe. Anamasula paipi yaikulu imene imachokera ku sefa ya mpweya kulowa mu injini, anapisamo chala, chinatuluka chakuda bii, chonata. Kenako anachotsa pulagi imodzi, anawunikira pa kabowo kake ndi tochi ya foni, n'kundiuza kuti ndisuzumire. Apa ndi pamene analakwitsa. Ndinaona pamwamba pa pisitoni pali makoko akuda, okhakhala, ndipo sindinafune kuchotsa diso. Amenewo, anatero, ndiye kaboni, mwaye wa mafuta amene sanapse bwino. Anati galimoto yangayo ndimangoiyendetsa timaulendo tating'ono, pang'onopang'ono m'fumbi, injini isanatenthe n'komwe ndafika kale, kuphatikizanso petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu. Mwayewo ukachuluka umatseka njira ya mpweya, wina umayaka ngati khala n'kumayatsa mafuta nthawi isanakwane. Kugogoda kuja kunkachokera pamenepo.

Zimenezi ndinazimva msanga. Ndisanakwatire ndinagwirapo ntchito pa esiteti ya fodya wa m'mabalani, ndipo ndimadziwa kuti mapaipi akadzaza mwaye moto sukoka. Ndinafunsa kachotsedwe kake. A Chisale anati ntchito yeniyeni ndi kumasula mbali imeneyo, kutsuka ndi mankhwala ake, pena kutsegula mutu wa injini n'kupala bwinobwino. Masiku awiri athunthu, ndipo iwo anali ndi lole ya munthu imene anali atayiphwasula kale. Anandiuza kuti ndibwere ukwati ukatha. Ku tchalitchi ikafika ndithu, anatero, ingokhala ikutsokomola.

Munthu wanzeru akanathokoza n'kumapita. Ine ndinakhala pa tayala n'kuyamba mafunso. Kodi kale, mankhwala amenewa asanabwere, ankatani? A Chisale, mutu uli m'lole, anayankha kuti amakaniko akale ankagwiritsa madzi. Injini ikatentha kwambiri, ili pa liwiro, ankapopera timadzi mu paipi ya mpweya, timadzito tinkasanduka nthunzi, nthunziyo n'kumasula mwaye kuti utulukire kumbuyo. Kenako anatulutsa mutu msanga n'kundiyang'ana.

"Ndikunena nkhungu chabe, akulu, osati madzi oti muwaone akuyenda. Ndipo inuyo musayese."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Koma njira yonse yobwerera kunyumba ndinkangoganiza: madzi, m'malo mmene mukuyaka moto, n'kutuluka atanyamula mwaye? Lachitatu lonse ndinalimbana nazo. Ndinkadziuza kuti ndikuchitira Takondwa, ndipo mbali ina zinali zoona. Mbali yaikulu ndinkangofuna kuona.

Lachinayi m'mawa amayi onse anali kwa apongozi, kuseri kwa mpanda, kusinja ndi kukonza thobwa. Pakhomo panga panali zii. Ndinayendetsa galimoto kukafika pa msewu waukulu n'kubwerera kuti injini itenthe. Ndinatsegula boneti, ndinamasula paipi ija monga ndinaonera a Chisale. Popeza ndinali ndekha, pa chopondera moto ndinaikapo njerwa, injini n'kuyamba kubangula. Kumbuyo, pafupi ndi paipi ya utsi, ndinayala thumba loyera la feteleza kuti ndione chimene chituluke (mukuona nokha kuti ndinkachita zinthu mwadongosolo).

Ndinayamba ndi kabotolo kamene akazanga amapopera tsitsi, nditathiramo madzi. Ndikapopera kawiri, injini inkabwerera pang'ono n'kudzukanso. Ndinathamangira kumbuyo. Pa thumba paja panali timadontho takuda ndi tizidutswa ngati tamakala. Ndinatitola, ndinatipekesa ndi zala, ndinatinunkhiza. Zinali zikugwira! Ndinaseka ndekha ngati mwana. Ndinabwerera kukapopera, kenako kumbuyo, kenako kutsogolo, mpaka chala chinatopa ndipo kabotolo kanatha kachitatu. Ndinayamba kuona kuti pa liwiro limeneli ukwati udzandipeza ndikadali pa pisitoni yoyamba.

Apa maso anga anagwera pa sipuleya. Yathu tinali titabwereketsa ku dimba la alamu ena, koma ya apongozi inali ikulendewera pa nkhokwe ya pakati pa nyumba zathu. Kubwereka kunafunika ndidzere mwa akazanga, ndipo akazanga akanafunsa kuti ndi ya chiyani. Ndinangoitenga. Ndinaitsuka katatu kuti muchoke mankhwala a matimati (kupusa kwanga kuli ndi malire), ndinadzaza madzi a pa mjigo, ndinaiberekera kumsana n'kuipopa mpaka mkono wake unalimba.

Nkhungu yake inali yokongola. Ndinalozetsa kamtengo kake pakamwa pa paipi, kufinya, kusiya, kufinya, kusiya. Kumbuyo kunayamba kutuluka utsi woyera wambiri, nkhuku zinathawa, thumba lija linada lonse. Ndinaganiza kuti ngati nkhungu yochepa yachita chonchi, yochulukirapo ichita zoposa. Ndinapotokola kansonga kake kuti katsegukeko. Tsopano sinalinso nkhungu kwenikweni, inali ngati mvula yowaza, koma ndinkafinya mwachidule kwambiri ndipo injini inkapirira. Ndinatula sipuleya pansi kuti msana upume, ndinaipopanso mokwanira, ndinalowetsako kamtengo kaja m'paipi kuti madzi asamatayikire kunja.

Nthawi imeneyo ndi imene apongozi anatulukira pa ngodya ya nyumba. Ankabwera kudzatenga mbiya yaikulu ku khitchini kwathu, ndipo chifukwa cha phokoso sindinamve mapazi awo. Ndinangoona chitenje chawo chili pafupi, mapazi khumi kapena kuchepera. Thupi linachita lokha zimene lakhala likuchita zaka khumi ndi chimodzi. Ndinasiya chofinyira, ndinavula chipewa, ndinanjuta pambali pa tayala n'kuyang'ana pansi. Kamtengo ka sipuleya kanatsala m'paipi, ndipo ine mtima unali m'malo podziwa kuti ndasiya kufinya.

Masiku onse apongozi akandipeza choncho amadutsa msanga. Tsiku limenelo anaima. Ndi kona ya diso ndinaona zidendene zawo, kusonyeza kuti andifulatira monga mwa nthawi zonse, koma sanasunthe. Dzanja lawo linkaloza chammbuyo, kumene kunali galimoto. Ankayankhula ndithu, moyang'ana mpanda, ndi mawu otsika oyenera munthu amene ali pafupi ndi mkamwini wake, ndipo injini yobangula ija inameza zonse. Kodi ndikanatani? Kudzutsa mutu n'kufunsa kuti mwati bwanji amayi? Chiyambire sindinawafunsepo funso.

Kenako kulira kwa injini kunasintha. Kunayamba kulemera, ngati munthu akuyankhula madzi ali m'kamwa. Ndinamva bwinobwino. Kuti ndione ndinafunika kuimirira, ndipo kuimirira kunali kuyang'anizana ndi msana wa apongozi, pafupi choncho. Ndinadziuza kuti ndidikire kaye adutse. Ndiulule zonse: mbali ina ya mutu wanga inkamvetsera phokosolo mwachidwi, ikuganiza kuti mwina ndi chigamphu chachikulu cha mwaye chimene chikuchoka. Ndili pomwepo ndinaona zidendene zija zikunyamuka. Apongozi, munthu wodandaula mawondo chaka chonse, anathamanga kulowera kwawo.

Ndisanaimirire n'komwe panamveka "gu!", galimoto yonse inagwedezeka, basi zii. M'chete mmenemo ndinamva kaphokoso kamodzi kokha, "tsiii", sipuleya ikupitiriza kuthira madzi m'injini mwanga, palibe woigwira.

Mayi a Dalitso anafika akuthamanga, ufa uli mpaka m'zigongono, amayi awo ataima patali kuseri kwa nkhokwe.

"Amayi akuti ndikuuzeni msanga kuti sipuleya yawoyo chofinyira chake chimakanirira. Mukachisiya sichitseka, mpaka muchikankhe ndi chala."

"Athokozeni," ndinatero. "Auzeni kuti uthenga wafika."

(Pambuyo pake ndinazindikira kuti chimakanirira munthu akapopa mphepo yambiri, ndiye chifukwa chake poyamba paja chinkamvera. Izi ndinazifufuza ndekha pochimasula. Sichinabwererenso mwakale.)

A Chisale anabwera masana pa njinga yamoto. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa. Anachotsa mapulagi onse, anati ndipotokole kiyi, madzi anathovoka m'mabowo mpaka kunyowetsa boneti. Atabwezeretsa, injini inadzuka koma ikumenya ngati wina akusula khasu m'kati mwake, ndipo anaizimitsa nthawi yomweyo. Anafotokoza kuti mpweya pisitoni imatha kuupanikiza, koma madzi sapanikizika. Pisitoni ikakumana ndi madzi odzaza, chimene chimagonja ndi chitsulo chimene chimaikankha, ndipo changa chinali chitapindika. China chikafunidwe m'tauni, ntchito ya sabata yamawa.

Takondwa anabwera kudzadzionera yekha. Anazungulira galimoto kamodzi, anakhala pa khonde n'kuyamba kulira mwakachetechete. Akananditukwana bwenzi zili bwino. Anangoti, "Alamu, bwenzi mutangoisiya izitsokomola." Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Mtsikana ameneyu ndinamupeza ali wamng'ono, wakulira m'maso mwanga, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene anadalira kwa ine ndinachimiza m'madzi pofuna kuonera.

Lachisanu ndinazungulira pa njinga kuyambira pa Nsaru mpaka ku Kabudula kufunafuna galimoto ina. Inali nyengo ya maukwati, anthu atangogulitsa mbewu, ndipo chilichonse cha matayala anayi chinali ndi mkwatibwi wake kale. Ndinapeza kalole kamodzi konyamula nkhumba. Yankho la apongozi, kudzera mwa akazanga, linali loti mwana wawo si nkhumba. Amene anatipulumutsa ndi atsibweni awo a akazanga, a Malizani, munthu wa ngolo ndi ng'ombe ziwiri zamphamvu. Anandifunsa ngati chiwongolero chikugwira, ngati hutala ikulira, ngati matayala akuzungulira. Ndiye anakumbutsa kuti tchalitchi chathu chili kumunsi kwa chitunda, ndipo pamwamba pa chitundacho pali mabulugama obisa chilichonse.

Loweruka m'mawa galimoto inali yowala ngati yatsopano, maliboni mbali zonse. A Malizani anaimangirira ku goli ndi tcheni, tinadzera njira ya kuseri kwa minda kumene sikudutsa anthu ambiri. Takondwa ndi womuperekeza wake anakhala kumbuyo. Ine ndinali pa chiwongolero, suti yanga ya ukwati ili m'thupi, ndikuyang'ana michira ya ng'ombe ulendo wonse. Pa mabulugama tinamasula tcheni, a Malizani anakankha ndi phewa, galimoto inayamba kutsetsereka.

Abale, sinayendepo mokoma choncho. Popanda kugogoda, popanda utsi, ili phee, ine ndikuliza hutala ndi mphamvu zanga zonse kuti pasapezeke wofunsa za injini. Anthu pa tchalitchi anayamba nthungululu. Takondwa anayamba kumwetulira n'kumabayibitsa. Chimene tonse tinaiwala ndi mchenga wa pa bwalo la ntchembere mbaye, kutsogolo kwa tchalitchi. Galimoto inalowamo, inafooka, inaima, khomo la tchalitchi lili poti mwana akhoza kuponya mwala n'kufika. Wina wa akuchimuna anakuwa kuti adalaivala apondeko moto. Ndinagwira kiyi ngati ndikufuna kuchitapo kanthu. Kumbuyo kwanga ndinamva Takondwa akupuma mwa munthu amene watsala pang'ono kuyambanso kulira.

Ndiye nyimbo inayamba. Amayi a kwathu, amene ankadziwa zonse, anabwera akuvina, anazungulira galimoto ngati ndi mmene zinakonzedwera, ena m'mbali, ena kumbuyo, manja pa chitsulo. Galimoto inayamba kuyenda, pang'onopang'ono, motsatira nyimbo. Ndinayang'ana pa kagalasi koonera kumbuyo. Pakati penipeni panali apongozi, chitenje atachimanga molimba, manja onse awiri ali pa buti, akuimba, maso awo ali m'maso mwanga. Ndinathawitsa maso. Nditayang'ananso anali akundiyang'anabe, ndipo analoza ndi chibwano kuti ndiwongole, ndikulunjika pa mtengo wa mbendera.

Takondwa anatsika pakhomo penipeni pa tchalitchi, pakati pa nthungululu. Akuchimuna anayesa kuti umenewu ndi mwambo wa kwathu wolandirira mkwatibwi, ndipo pa madyerero bambo wina wa ku Namitete anandikokera pambali kufunsa ngati tingadzachite chimodzimodzi pa ukwati wa mwana wake.

Sabata yotsatira a Chisale anatsegula injini ine ndili pomwepo. Pamwamba pa mapisitoni panali mbee, popanda makoko ngakhale amodzi. Ndinalephera kudzigwira, ndinawauza kuti aone okha, njira ija imagwira ndithu. Anangonyamula chitsulo chopindika chija n'kuchiika m'manja mwanga.

Patapita masiku angapo, masana ena, apongozi anabwera pakhomo panga ndi a Malizani, atanyamula nkhuku. Ndinayamba kunjuta, a Malizani anati ndikhale pa mpando. Anafotokoza kuti mwambo womwewo uli ndi khomo lotulukira: mmodzi akapereka kanthu pamaso pa mboni, zopewana zimatha. Apongozi anaika nkhukuyo pa mapazi anga, anakhala pa mphasa moyang'anizana nane, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva mawu awo akubwera kwa ine mwini.

"Bambo a Dalitso, kuyambira lero ndizikuyankhulani ndekha. Ulemu uja watiphera galimoto."

Ndinkayembekezera kudzudzulidwa, mwina kuuzidwa kuti ndilongedze, osati nkhuku. Ndinawomba m'manja n'kuthokoza.

Chimene sindinadziwe n'choti munthu akakusungira mawu zaka khumi ndi chimodzi amakhala nawo ambiri. Tsopano ndikudziwa maganizo awo pa kaikidwe kanga ka mizere, kafoleredwe kanga ka denga, ndi kadyedwe kanga ka ndiwo. Amandionanso patali. Dzana ndinali nditagwada pa kampope ka sola kamene akazanga agula kothiririra dimba, sipana ili m'thumba, ndikungofuna kudziwa kuti dzuwa limakankha bwanji madzi. Mawu anabwera kuchokera kutsidya kwa mpanda, omveka bwino, osadzera mwa aliyense.

"Bambo a Dalitso, siyani."

Ndinasiya nthawi yomweyo. Mawa apongozi akupita ku msika wa ku Msundwe, ndipo kumeneko sabwerako msanga.